Chogwirira cha Amayi Anu

Tadala, wandifunsa kawiri konse chifukwa chimene ndikukanira kuti amisiri ako achotse chitsulo chogwirira chimene chili m'bafa la kuno ku Lozells. Kachiwiriko unachita kupsa mtima, n'kundiuza m'Chingerezi chako chija kuti, “Dad, it's just a rail.” Sindinakuyankhe, poti ine pakamwa ndine wolemera, ndimalankhula bwino ndi sipanala. Ndiye mutu uno wa mbiri ya ntchito yanga ndaulemba kuti ukuyankhe, ndipo mlongo wako Yamikani auwerengenso. Muli nkhani ya sitima yapamadzi, koma eni nkhani ndi amayi anu, ndi lonjezo limene ndinawapatsa n'kuliphwanya ndekha popanda wondikakamiza.

2002: Ku Oldbury

Kumudzi ndinali fitala wa mipope pa chipatala china chachikulu, ndipo n'komwe ndinakumana ndi amayi anu, Felesiya, ali namwino wachitsikana. Zaka zonse zimene ndinagwira kumeneko zipangizo zinali zosowa, moti paipi ikaphulika tinkaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga n'kupempherera kuti ifike Lolemba. Amayi anu atapeza ntchito pa chipatala cha boma kuno ku Birmingham, iwo ndiwo anatsogola, ife atatu n'kubwera pambuyo. Miyezi yoyambirira ntchito yanga inali kukuperekezani kusukulu ndi kuyang'ana mvula pawindo. Ndinayamba kukwiya ndi zinthu zopanda pake. Tsiku lina m'mawa ndinapeza kapepala pansi pa kapu yanga ya tiyi. Amayi anu anali atadula ndi sizasi chidziwitso cha ntchito m'nyuzipepala, n'kuchisiya pamenepo osanena kanthu. Umu ndi mmene iwo ankalankhulira zinthu zikuluzikulu.

Ntchitoyo inali pa fakitale ina ku Oldbury, m'mphepete mwa ngalande ya madzi akuda. Folomani wake anali Terry, mzungu wamfupi wadazi, amene Chingerezi chake sabata zoyambirira ndinkangochimva ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni. Masatifiketi anga sanawayang'ane n'komwe. Anandipatsa paipi, zolumikizira ndi sipanala, n'kuima poteropo atapinda manja. Nditamaliza anatsegula madzi, ndipo sipanadonthe. Kenako anandifunsa ngati ndinakwerapo sitima yapamadzi. Nditati ayi, anaseka n'kunena kuti, “Inenso ayi, chikhalirecho ndakalambira pompano. Uyambe Lolemba.”

Apa m'pamene ndinadziwa kuti pakati penipeni pa England, kumene nyanja ili kutali mbali zonse, tinkapanga mabafa a sitima zikuluzikulu zonyamula anthu okapuma ndi kusangalala panyanja. Inu mukaona sitima yotere pa TV mumayesa kuti amisiri amalowa m'kati n'kumamanga chipinda chimodzichimodzi ngati nyumba. Si choncho. Kumalo omangira sitima amamanga chigoba chachitsulo ndi nsanjika zake, koma zipinda zogona zimapangidwa kwina, m'mafakitale, zathunthu. Bafa lathu linkatuluka pageti lili ndi zonse: shawa, sinki, chimbudzi, galasi, magetsi, ngakhale kachitsulo kopachikapo thawulo. Tinkalikulunga m'pulasitiki n'kulikweza pa lole, ulendo wa kutsidya kwa nyanja kukalumikizidwa ndi chipinda chake. Kumeneko chipinda chonsecho amachinyamula ndi kireni, kuchilowetsa pa bowo la m'mbali mwa sitima, n'kuchikankha pa timatayala mpaka pamalo pake, monga mmene mumalowetsera dirowa m'kabati. Sitima imodzi imameza zipinda zoposa chikwi.

Ntchitoyi inandiphunzitsa kuti za pamtunda n'zina, za panyanja n'zina. Chilichonse chinkayenera kukhala chopepuka, chifukwa sitima yaitali ikalemera kumtunda imavuta kuima bwino pamadzi. Makoma anali opyapyala, koma m'kati mwake munali ubweya wosagwira moto, poti moto ukabuka panyanja palibe kothawira. Mashelefu onse anali ndi kamlomo kuti botolo lisagwe sitima ikamagwedezeka, ndipo pakhomo pa bafa pankakhala kakhoma kofika m'kakolo kuti madzi asathamangire kuchipinda. Chimene chinandidabwitsa koposa chinali chimbudzi. Sichikankha ndi madzi ambiri ngati cha m'nyumba ayi, chimayamwa ndi mpweya kudzera m'mapaipi aang'ono, chifukwa madzi abwino m'sitima amachita kuwapanga kuchokera ku madzi amchere. Tsiku loyamba kuchiyesa ndinalumpha ndi phokoso lake, anyamata onse n'kufa nazo nseko.

Kusowa kwa zipangizo kunalikonso, musamayese kuti n'kwathu kokha. Nthawi ina mavavu otsegula ndi kutseka mapaipi a zimbudzi anachedwa kufika, tinakhala sabata ziwiri tikungosesa. Ine ndi nzeru zanga za mphira wa njinga ndinauza Terry kuti ndingathe kusema vavu ina kuti ikwane. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi, n'kundiuza kuti m'sitima ngakhale bawuti ali ndi chiphaso chake, ndipo chopanda pepala sichikwera. Mavavuwo atafika tinagwira Loweruka ndi Lamlungu lomwe kuti lole isachoke yopanda katundu.

2004: Bafa la anthu a pa chikuku

Chaka chimenechi tinalandira oda ya sitima yatsopano, ndipo mwa mabafa ake munali angapo a anthu oyenda pa chikuku. Amenewa anali osiyana ndi ena onse. Khomo linali lotakata, kakhoma ka pakhomo kaja panalibe, m'malo mwake panali ngalande yovundikira ndi sefa yachitsulo, ndipo m'shawa munali mpando wopinda ndi zitsulo zogwirira. Terry anandipatsa ine ntchito yomanga bafa loyamba loyeserera. Ndinanyada kwambiri, moti mapulani ake ndinabwera nawo kunyumba n'kuwayala patebulo kuti amayi anu aone kuti mwamuna wawo si munthu wamba. Iwo anavala magalasi, anayang'ana kanthawi, kenako anagwedeza mutu.

“Abambo a Tadala, amene wajambula izi sanasambitsepo munthu wodwala.”

“Ndi mainjiniya awa, amayi. Anthu ophunzira.”

“Kuphunzira aphunzira, sindikukana. Koma peshenti wa sitiroko akamachoka pa chikuku kupita pampando, dzanja limodzi limakhala lakufa. Relo yogwirirayi mwaiika kumbuyo kwa phewa lake. Aigwira bwanji? Ameneyo agwa, ndipo agwera pampopi wa madzi otentha. Mukawauze mawa.”

Ndinawayankha kuti fitala sauza injiniya kuti walakwitsa. Ine ndinaleredwa choncho: wamkulu akalankhula, iwe uvomere, zako usunge mumtima. Amayi anu anati ngati ine ndikuopa, apita okha akawauze. Poopa manyazi amenewo, m'mawa mwake ndinamunong'oneza Terry, mawu ndikuwazunguliza ngati ndikupempha tchuthi. Iye sanazungulize. Anati, “Mkazi wako ndi nesi? Ubwere naye Loweruka.”

Amayi anu anabwera atavala nsapato zawo za kutchalitchi. Injiniya wa mapulaniwo analipo, buku lili m'manja. Amayi anu anakhala pa chikuku chimene tinabwereka, anavula mpango wawo n'kundiuza kuti ndiwamange dzanja lamanja pachifuwa. Kenako anayesa kusamukira pampando wa m'shawa ndi dzanja lamanzere lokha. Dzanjalo linafufuza m'malere osapeza chitsulo, ndipo akanagwa ndithu Terry akanapanda kuwawakha. Atakhazikika anatulutsa cholembera cha kuwodi m'chikwama, anajambula mzere pakhoma, kutsogolo ndiponso m'munsi pang'ono, n'kunena kuti, “Apa. Osati apo.” Anawonjezera kuti chitsulocho chipindike n'kukwera m'mwamba kuti munthu azidzikoka poimirira, ndipo chikhale mbali zonse ziwiri, poti matenda sasankha dzanja. Injiniya uja analemba zonse osatsutsa ngakhale liwu limodzi. Mapulani anasinthidwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo fakitale yonse chitsulo chopindikacho inkachitchula kuti relo ya Felicia, monga azungu ankatchulira dzina lawo.

Pobwerera pa basi amayi anu anali ngati mwana. Ankandifunsa ngati n'zoona kuti m'sitimamo muli holo ya zisudzo, dziwe losambiramo ndi masitolo. Anati chibadwire sanaonepo nyanja yamchere, angoidutsa pamwamba ndi ndege. Mtima wanga unadzaza, ndipo ndinawauza kuti tsiku lina ndidzawakweza sitima imeneyo kuti akagwire chitsulo chawo ndi dzanja lawo. Anandiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti, “Mwalonjeza pa basi, abambo a Tadala. Anthu amva.”

2005: Malo a munthu mmodzi

Sitimayo itatha, eni ake anakonza ulendo wa masiku awiri wochokera ku Southampton, wongozungulira panyanja n'kubwerera, apaulendo enieni asanayambe kukwera. Anaitana anthu a makampani amene anapanga zinthu za m'katimo kuti akaone ngati pali zofunika kukonza. Terry anandiitanira mu ofesi yake n'kundiuza kuti kampani yapatsidwa zipinda zochepa, ndipo chimodzi ndi changa. Anatsindika kuti, “Ubwere ndi mkazi wako. Relo ija ndi yake.” Lonjezo langa linali litadzikwaniritsa lokha, ine osakhetsa thukuta. Amayi anu anasinthana mashifiti ndi anzawo, anakasoketsa diresi ya chitenje chobiriwira kwa telala wa pamsewu wathu uno, ndipo wodi yonse inadziwa kuti Felesiya akukakwera sitima.

Sabata imeneyo ndi imene kunafika a malume Zakeyo kuchokera kumudzi. Inu simuwakumbukira bwino. Anali alongo awo a amayi anga, ndipo bambo anga atamwalira ndiwo anandilera n'kunditumiza kusukulu ya ntchito zamanja. Anabwera ku mwambo womaliza maphunziro wa mwana wawo Mphatso, amene ankakhala ku Selly Oak. Sanali munthu woopsa ayi. Anali wanthabwala, wa mawu aakulu, wokonda kuona zinthu kuti akasimbe kumudzi. Lamlungu titaweruka kutchalitchi anthu anadzaza pabalaza pathu kudzawalonjera, ndipo mayi wina wa kwaya anati, “Mwamva, malume, kuti mphwanu akukakwera sitima yaikulu? Ati ampatsa malo a anthu awiri.” A malume anaomba m'manja. “Sitima! Mphwanga, ndiye kuti Mulungu wandibweretsa pa nthawi yake. Tikunyamuka liti?” Anthu anaseka, wina n'kuimba nthungululu.

Ana anga, ndinali ndi mpata wokwanira kunena mawu ochepa chabe, akuti pepani malume, malowo ndi a mayi a Tadala. Koma ndinayang'ana imvi zawo, ndinayang'ana anthu onse aja akumwetulira, n'kuganiza za mmene zikamvekere kumudzi kuti Waisoni anakaniza malume ake pagulu chifukwa cha mkazi. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, “Lachisanu la sabata yamawa, malume.” Amayi anu anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi thileyi ya makapu. Anaiika patebulo bwinobwino, n'kuyamba kuthira tiyi.

Alendo atabalalika ndinawapeza akutsuka makapu.

“Amayi, mwaona nokha mmene zachitikira. Ndikanatani pamaso pa anthu?”

“Pitani nawo a malume. Mashifiti ndisinthananso ndi anzanga, si nkhani.”

“Ndiwauza mawa tikakhala awiri.”

“Mukanafuna kuwauza, mukanawauza pompaja,” anatero osatembenuka. “Musadzivutitse.”

Pano ndiyenera kunena zoona, chifukwa zaka zambiri ndakhala ndikudzinamiza kuti anandidzidzimutsa pagulu. Mayina ankafunika kuofesi Lachinayi. Ndinali ndi masiku anayi athunthu. Kawiri konse ndinakwera sitima yapamtunda kupita ku Selly Oak, kumene a malume ankagona, ndi cholinga chokawauza, ndipo kawiri konse ndinawapeza akuyesa jekete, akufunsa Mphatso ngati kamera ili ndi filimu yokwanira. Ndinamwa tiyi n'kubwerera. Ndinadziuza kuti a malume ndi okalamba, mwayi wotere sadzaupezanso, pamene ine ndi amayi anu tili ndi zaka zambiri kutsogolo. Lachinayi ndinapereka pasipoti ya a malume kwa Terry. Anaitsegula, anayang'ana chithunzi, n'kufunsa ngati Felicia wadwala. Nditati ayi, analemba dzinalo, ndipo sabata yonseyo tiyi wa m'mawa ankamwera mu ofesi yekha.

Sitimayo nditaiona padoko ndinayesa ndi mdadada wa nyumba zosanjikizana. Tinayang'ana m'mwamba mpaka zipewa kugwa. M'kati, pakati penipeni, munali bwalo lotseguka nsanjika zingapo, zikepe zagalasi zikukwera ndi kutsika m'mbali mwake, ndipo pansi woimba piyano akuimba ngati tili mu hotela ya mumzinda. Holo ya zisudzo inalimo, ya mipando yokwera ngati bwalo la mpira. Zipinda zodyera zinali zambirimbiri, masitolo, laibulale, malo a ana, ndipo pamwamba penipeni panali maiwe osambiramo ndi njira yothamangiramo yozungulira sitima yonse. Ife a makampani anatitsitsanso kumunsi kumene apaulendo safika. Kumeneko kuli msewu wautali wa antchito wochoka kutsogolo mpaka kumbuyo, wodutsa kochapira zovala, kophikira buledi ndi mosungira chakudya. Injiniya wa sitimayo anatifotokozera kuti mainjini ake akuluakulu ntchito yawo n'kupanga magetsi, ndipo magetsiwo ndi amene amayatsa mababu, kuphika, kuziziritsa zipinda ndi kuzunguza mapulopela okankha sitima m'madzi. Mapulopelawo anapachikidwa kunsi kwa sitima pa zitsulo zotembenuka mbali iliyonse, moti chinyumba chonsecho chimatha kuyenda cham'mbali pofika padoko. Anatiuzanso za zipsepse ziwiri zimene zimatuluka m'nthiti mwake pansi pa madzi kuti mafunde asaigwedeze kwambiri. Ndinadutsa pa kachipatala ka m'sitimamo, kokhala ndi mabedi ake ndi anamwino ake, ndipo ndinafulumira kuyang'ana kumbali.

A malume anasangalala ngati mkwati. Analawa chakudya m'chipinda chodyera chilichonse, anajambulitsa ndi aliyense wovala yunifomu, ndipo chimbudzi chathu choyamwa chija anachiyesa katatu akuseka. Tsiku lachiwiri masana ndinapempha wosamalira zipinda kuti anditsegulire chimodzi cha anthu a pa chikuku, pa nsanjika yachisanu ndi chinayi. A malume ananditsatira. Nditalowa m'bafa n'kuima duu, iwo anati, “Iwe, sitima yonseyi wandibweretsa kudzaona bafa?” Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinawauza zonse: za mpango, za mzere wa pakhoma, za lonjezo la pa basi, ndi za diresi yobiriwira imene inali m'kabati ku Lozells. Anafunyulula mpando wopinda uja n'kukhalapo. Nseko zonse zinawathera.

“Ukundiuza kuti bedi ndagonapoli linali la mayi a Tadala?”

“Inde, malume.”

“Waisoni, ndinakulera kuti uzindiopa, kapena kuti uzindiuza zoona? Ine ndimayesa kampani yati ubwere ndi aliyense. Ukanangonditsina khutu, ndikanaseka n'kukhala. Ukuyesa wandilemekeza? Wandisandutsa wakuba, mphwanga. Mpongozi wanga ndikamuyang'ana ndi nkhope iti?”

Madzulo amenewo a malume sanapite kukadya. Ulemu umene ndinapondera mkazi wanga, mwini wake sanaufune n'komwe. Unali mantha anga basi, ndinangowaveka jekete la mwambo.

2006 ndi 2007: Chaka chamawa

Titabwerako a malume anapepesa kwa amayi anu atavula chipewa, ndipo iwo anawaseka n'kuwauza kuti palibe mlandu. Koma ine nditatulutsa zithunzi kuti ndiyambe kusimba, anakweza dzanja. “Musandiuze za sitimayo. Ndidzaiona ndekha.” Zithunzizo zinabwerera mu envelopu. Sanakwiye, sanandinyanyale, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Kungoti ndikangoyamba kuti m'sitima muja, iwo ankadzuka n'kupita kukhitchini.

Mungafunse kuti nanga bwanji sindinangowatenga ulendo wina, popeza sitimayo inkanyamula aliyense wogula tikiti. Funso limeneli ndimadzifunsa tsiku lililonse. Kawiri ndinapeza kabuku ka maulendo a panyanja pansi pa kapu yanga ya tiyi, monga ndinapezera kapepala ka ntchito kaja. Ndinadziwa tanthauzo lake. Koma nthawi zonse panali china chooneka chofulumira: oda yatsopano kufakitale, maliro kumudzi, mayeso ako Tadala, denga lodontha. Ndinkayembekezeranso kuti sitima yotsatira ikatha kampani idzatiitananso. Yankho langa linali limodzi, lakuti chaka chamawa, amayi. Kachitatu kabukuko sindinakapezenso, ndipo ine wopusa ndinapumira m'mwamba poganiza kuti aiwala.

2008 ndi 2009

Mu 2008 maoda anayamba kuuma, ndipo tinamva kuti fakitale itsekedwa chaka chikamatha. Ndikudandaula za ntchito, foni inalira masana ena kuchokera kuchipatala. Amayi anu anali atagwa ali pantchito, m'wodi yawo yomwe. Inali sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi movutikira. Zimenezi mukuzikumbukira, sindizibwereza. Atatuluka m'chipatala anabwera kunyumba pa chikuku, mayi amene anasambitsa odwala moyo wake wonse tsopano akudikira kusambitsidwa. Mwayi wake bafa la nyumba ino lili pansi, kuseri kwa khitchini. A khonsolo anati adzabwera kudzaika zogwirira, koma tidikire pamndandanda.

Loweruka lina m'mawa kunaima kagalimoto pakhomo. Anali Terry. Anati pokonzekera kutseka akhala akugwetsa za m'nyumba yosungira katundu, ndipo anapeza bafa loyeserera lija likadali pakona. Anatulutsa chitsulo chopindika, choyamba chenicheni chimene ndinapinda ndi manja anga potsata mzere wa amayi anu. Anandipatsa pamodzi ndi mabawuti ake, anakana tiyi, n'kunena kuti, “Ichi ndi cha Felicia.”

Ndinawakankha amayi anu mpaka pakhomo la bafa kuti aziona. Ndinayeza ndi tepi, ndinaika chitsulocho pakhoma, ndipo ndisanaboole ndinamva mawu kumbuyo kwanga, olemera, okokeka: “Apa. Osati apo.” Chala chawo chakumanzere chinkaloza m'munsi pang'ono. Ndinatsitsa, ndinaboola, ndinamanga. Anasendera pafupi, anachigwira, anadzikoka pang'onopang'ono mpaka anaimirira, koyamba chibwerere kuchipatala. Anaima choncho akupuma mwamphamvu, maso ali pa chitsulocho. Kenako anati, “Tsopano ndiuzeni.”

Ndinafunsa kuti ndiwauze chiyani, ngakhale ndinkadziwa.

“Sitima ija.”

Zaka zitatu anakana kumva chifukwa ankakhulupirira kuti ndidzawatenga. Tsiku limenelo analeka kudikira. Ndinakhala pansi m'bafamo, dirilo ili m'manja, ndipo ndinalira ngati mwana, iwo ali chiimire atagwira chitsulo chawo.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse powasambitsa ndinkawasimbira sitimayo. Anafuna kuti tiyambire pansi penipeni tizikwera. Tinayamba ndi mainjini ndi makina osandutsa madzi amchere kukhala akumwa. Tinayenda mu msewu wa antchito uja, tinalowa kophikira buledi, ndipo pa kachipatala tinakhalapo sabata yathunthu chifukwa ankafuna kudziwa kuti mabedi anali angati ndipo mankhwala amasungira pati. Tinakwera zikepe zagalasi, tinakhala mu holo ya zisudzo, ndipo nkhani ya a malume ndi chimbudzi choyamwa inkawaseketsa ndi mbali imodzi ya nkhope mpaka misozi. Nthawi ndi nthawi ankafunsa kuti, “Changa chili pati?” Ndinkayankha kuti chili pa nsanjika yachisanu ndi chinayi, tifika, tisadumphe. Zoona zake n'zakuti chipinda chimenecho ndinkachiopa. Ndinkachita manyazi kuwauza kuti ndinaimamo ndi munthu wina, choncho ndinkatalikitsa nkhani za m'munsi, kubwereza masitolo, kuwonjezera makonde. Ndinayambiranso khalidwe langa lomwe lija lonena kuti mawa. Sitiroko yachiwiri inawatenga chakumapeto kwa 2009, tili pa nsanjika yachisanu ndi chitatu.

Ndiye zimene sindinawauze ndikuuzani inu. Chipindacho chinali chakumanzere kwa sitima, pafupi ndi zikepe, ndipo chinali ndi khonde loyang'ana panyanja. Khomo la bafa linali lotakata, pansi posalala popanda chopunthwitsa. Zitsulo zinalipo mbali zonse ziwiri, pamalo enieni amene amayi anu anajambula ndi cholembera cha kuwodi. Ndinagwira chakumanzere n'kuchikoka ndi thupi langa lonse, sitima ikuyenda, ndipo sichinagwedezeke ngakhale pang'ono. Mawu ochepa ngati amenewa ndinali nawo zaka zinayi.

Tadala, matailosi usinthe, sinki uchotse, utoto upake umene ukufuna. Chitsulocho amisiri ako achizungulire. Chili m'munsi pang'ono kwa munthu wa msinkhu wanga, ndikudziwa, ndipo masiku ano mawondo akamavuta ndimachita kuwerama kuti ndichigwire. Usachikweze. Pamene chilipo ndi pamene analoza amayi ako.